Msonkhano wa Ndege

Mpongozi wanga anam'gwira itangokwana wani koloko, chikolopa chili m'manja. Ine ndinali pansi, m'chipinda chotaipira ndi kusindikiza mapepala a Nyumba ya Malamulo, momwe ndagwira ntchito zaka makumi atatu ndi chimodzi. Nkhaniyo anabwera nayo ndi mayi wa tiyi, akupuma ngati wathamangitsidwa ndi galu.

"Amake mapasa awatenga. Akuti aba lipoti."

Sindinafunse kuti lipoti liti. Tsiku limenelo m'nyumba monse lipoti linali limodzi.

Ndifotokoze mwachidule. Boma linkafuna msonkho watsopano pa tikiti iliyonse ya ndege yopita ku mayiko oyandikana nafe, ati ndalama zake zigulire makina ounikira katundu pa mabwalo a ndege. Otsutsa ankati msonkhowo upha maulendo, amalonda onse abwerera kumabasi. Komiti ya zachitetezo inalemba lipoti lachinsinsi lonena kuti makina omwe anagulidwa chaka chatha sanagwirepo ntchito, n'kutchulanso zipata zomwe munthu angadutse ndi chilichonse. Lipotilo ndinalitaipa ine Lolemba. Makope khumi ndi awiri, chikuto chofiira, lililonse nambala yake, wolandira aliyense kusaina m'kaundula.

Lachiwiri cha m'ma leveni, mkangano uli pakati, tsamba lachinayi la lipotilo linatulukira m'mafoni a anthu. Ndinamva zonse pa kawailesi ka pakhoma kamene kamatibweretsera zokambirana za m'Nyumba: aphungu kumenya matebulo, wina kukuwa kuti wakuba ali momwemo, a Sipikala mawu mpaka kusasa. Analamula zinthu ziwiri. Pageti asatuluke munthu osasechedwa, ndipo akangomaliza kuvota ngati mkangano upitirire, makope onse abwere patebulo pawo. Anabwera khumi ndi limodzi. La wapampando wa komiti, nambala wani, linasowa pa desiki yake m'chipinda cha komiti. M'chipinda chimenecho amakolopa ndi mpongozi wanga.

Lamulo la zinsinsi za boma silisewera, munthu amakakhala zaka zisanu ndi ziwiri. Mwana wanga, mwamuna wake, ali kutali ndi thiraki, mapasa ali sitandade thuu. Ndinazimitsa makina n'kukwera masitepe.

*

Anamuika m'kachipinda ka alonda pafupi ndi geti. Wapolisi wofufuza anali wa msinkhu wa mwana wanga, wowonda, akutafuna chivindikiro cha cholembera.

"Inu ndinu ndani, mayi?"

"Apongozi ake. Ndinenso ndinataipa chomwe mukusakacho."

"Ndiye mukudziwa kukula kwa nkhaniyi. Galimoto ikubwera faifi koloko. Ikafika akagona m'chitolokosi, zina zonse akakambe kukhoti."

"Mwam'peza nalo?"

"Ayi. Koma makiyi a chipindacho ali nawo ndi anthu awiri, iye ndi olemekezeka. Ndipo akulumbira kuti atakolopa anakhoma."

Mpongozi wanga anali pabenchi, manja pakati pa maondo. Ndi mkazi wofatsa mopitirira muyeso. Akakuponda mwangozi amapepesa mpaka mawa.

"Amake mapasa, ndiyang'aneni. Munakhoma?"

"Ndinakhoma, amayi."

"Ine si wapolisi. Munakhoma?"

"Mpopi wa pamwamba unalibe madzi. Ndinatsika ndi ndowa kukatunga pansi, chitseko ndinangokankha. Belu lovotera linali likulira, m'makonde munalibe munthu, ndinati ndani angalowe. Mwina mphindi khumi, amayi. Ndinaopa kunena. Paja anati wosiya chitseko chotsegula..."

"Mutabwerera, pa desiki panali buku lofiira?"

"Ine mapepala a mabwana sindiyang'ana. Ndimayang'ana pansi."

Wapolisi anachotsa chivindikiro m'kamwa. "Mwaonatu. Poyamba anakhoma, tsopano sanakhome. Mwamuthandiza kapena mwamumiza?"

"Tandionetsani chithunzi chili m'mafonimo. Yangayi ndi ya mabatani."

Anandipatsa foni yake. Ndinavala magalasi. Linali tsamba langa ndithu, ndimadziwa m'mene ndimasiyira mipata. Ndinatsika nalo mpaka ndime yachitatu, pomwe panalembedwa kuti: "Komiti ikuona kuti msonkhano wa ndege usayambe kufikira makina omwe alipo atakonzedwa."

Ndinawerenganso kachiwiri. Msonkhano wa ndege.

"Mwaona chiyani, mayi?"

"Palibe. Magalasiwa akufunika kusintha."

Ndinam'bwezera foni.

*

Zala za munthu wotaipa m'Nyumba ya Malamulo zili ndi matenda ake. Patsiku timalemba mawu akuti msonkhano kosawerengeka: msonkhano wa komiti, msonkhano waimitsidwa, msonkhano uyambiranso mawa. Ndiye ukafuna kulemba msonkho, zala zimangothamanga n'kumaliza zomwe zinazolowera. Lolemba zinandichita zimenezo. Ndinazindikira makope onse atatuluka kale m'makina. Ndinadzitukwana, ndinakonza, akalewo ndinawadula m'makina odulira mapepala, n'kusindikiza atsopano. Onse omwe anasainidwa m'kaundula ndi okonzedwa.

Koma akalewo sindinadule khumi ndi awiri. Ndinadula khumi ndi limodzi.

Lolemba lomwelo cha m'ma teni, ndisanaone cholakwikacho, analowa mlembi wa nduna ya zamaulendo, amene atsikana a m'maofesi amam'tcha Kolala chifukwa malaya ake sakwinyika ngakhale kutenthe bwanji. Anati a nduna aitanidwa mwadzidzidzi, akufuna kuwerenga m'galimoto. Kaundula anali atakhomeredwa mu ofesi ya Mlembi Wamkulu wa Nyumba. "Ndibwera kudzasaina, mayi wanga." Ndinam'patsa. Madzulo ndinatumiza lokonzedwa, a nduna anasaina, lakale lija ndinaiwala kuitanitsa. Zaka zonsezi sindinatulutsepo pepala lachinsinsi lopanda siginecha. Ndinachita kamodzi, kutatsala miyezi isanu kuti ndipume pantchito.

Kunena zimenezi kunali kudziika chingwe m'khosi. Ndinati ndiyambe ndatsimikiza.

*

Wapampando wa komiti ndinawapeza pakhonde akudzikupiza ndi pepala la ndondomeko ya tsikulo. Bambo amenewa ngakhale popempha madzi akumwa amalankhula ngati pali makamera.

"Mayi, ndilankhule mosapsatira mawu, ndipo mbiri idzandichitira umboni. Ine, amene anthu a dera langa andituma katatu konse..."

"Olemekezeka, lipoti munalisiya pati?"

"Pa desiki. Belu litalira, udindo unandiitana. Phungu wosavota ali ngati mfuti yopanda..."

"Munakhoma?"

"Mayi wokolopa anali pakhomo ndi ndowa yake. Kodi ine ndikhomere wantchito panja?"

"M'mawa mu komiti, tsamba lachinayi munawerenga mokweza?"

"Lonse, ndime ndi ndime, ndi mawu anga omwewa. Ndinachita kudula mizere ndi cholembera chobiriwira pofunika kutsindika."

"Anthu anaseka?"

Anasiya kudzikupiza. "Kuseka? Pa nkhani ya chitetezo cha dziko?"

"Zikomo, olemekezeka."

Ndinawasiya akuyamba chiganizo china. Akanawerenga kuti ndege zili ndi msonkhano, otsutsa akanafunsa kuti wapampando wake ndi helikopita iti, ndipo nthabwalayo ikanafika kwa mayi wa tiyi madzi asanawire. Ndiye kope lawo linali lokonzedwa. Chithunzi cha m'mafoni sichinachokere m'lipoti losowalo ayi. Wina analichotsa pa desiki dala, kuti powerenga makope pasowe limodzi, maso onse apite kumeneko.

Wotchi ya pakhonde inkati hafu pasiti thuu.

*

Ofesi ya nduna ya zamaulendo ili pamwamba penipeni. Ndinakwera masitepe mpaka kumeneko. Kawailesi ka mu ofesimo kanali kotsegula, phungu wina wamkazi akufunsa kuti bwanji mayi wokagula nsalu kutsidya kwa malire alipirire makina achiwiri pomwe oyamba akadali m'mabokosi. A mbali ya boma ankam'kuwiza kuti akhale pansi, zimenezo n'zachinsinsi.

Kolala anaimirira msanga. "Mayi wanga, masitepe onsewa? Mukanangoimba foni."

"Ndabwera kudzatenga lipoti la Lolemba."

"La a nduna lili patebulo la a Sipikala. Nambala naini."

"Lija munati mubwera kudzasaina."

Anamwetulira, anapita kukatseka chitseko, anatsitsa kawailesi. "Ukalamba ndi mphatso, mayi wanga, koma umabwera ndi zake. Ine sindikukumbuka zimenezo. Kaya kaundula akukumbuka?"

"Belu likulira munali kuti?"

"Ndawauza kale apolisi. Kumbuyo kwa a nduna, pa benchi ya alangizi, kuyambira leveni mpaka mavoti atawerengedwa. Zitseko zinali zokhoma. Ngakhale ntchentche sikanatuluka."

"Chabwino."

"Dikirani pang'ono, ndikulangizeni ngati mwana wanu." Anakhala m'mphepete mwa desiki, n'kuwongola thalauza pabondo. "Lamulo lija silisiyanitsa wojambula ndi wopereka. Tingoyerekeza kuti munthu wina anatulutsa pepala lachinsinsi popanda siginecha. Penshoni ya zaka makumi atatu, mayi wanga, kungopita ngati utsi. Mtsikanayo sanam'peze ndi kanthu. Miyezi iwiri itatu pa rimandi, mlandu uzilala, atuluka. Ine ndikudziwa loya wabwino, ndikhoza kulankhula naye."

"Miyezi iwiri itatu," ndinatero. "Mapasa muziwasambitsa inu?"

Ananditsegulira chitseko mwaulemu wonse.

*

Sajeni wa pakhomo la Nyumba ndi msilikali wakale. Sataya mawu, amawapereka ngati zipolopolo zowerengeka.

"Sajeni, belu la lero."

"Linalira thwelofu koloko ndendende. Mphindi zisanu. Kenako kukhoma. Kutsegula patatha mphindi makumi awiri."

"Alangizi a nduna anatsala m'kati?"

Anandiyang'ana ngati ndam'tukwana. "Mayi, inu ndi ine tinalowa ntchito chaka chimodzi. Povota mumatsala aphungu, a Sipikala, alembi a patebulo. Ena onse ndi alendo. Panja."

"Lamulo ndikulidziwa. Ndikufunsa za lero. Kolala."

"Womaliza kutuluka. Ndinam'tulutsa ndekha, ankachedwa ndi foni. Anzake kumanja, ku tiyi. Iye kumanzere."

Kumanzere kuli zipinda za makomiti ndi chimbudzi chomwe chinatsekedwa chaka chatha. Palibenso china.

"Wapolisi uja anakufunsani?"

"Anafunsa ngati zitseko zinali zokhoma. Ndinati zinali zokhoma. Sanafunse kuti ndani anali mbali iti."

"Akakufunsani, munena?"

"Akafunsa."

Ndinatsikira m'chipinda changa. Ndinakhala pansi, ndinaimirira, ndinakhalanso. Ndinalongosola mapepala omwe anali olongosoka kale. Kanyumba kanga kakumudzi kali ndi zipupa koma kalibe malata, ndipo malatawo ndinali nditawakhoma kale m'mutu ndi penshoni imeneyi. Ndinaganiza zopita kwa wapolisi ndi mawu a Sajeni okha. Koma munthu kukhotera kumanzere si mlandu. Kolala akanati anasokera, wapolisi akanapepesa, faifi koloko ikanakwana. Chom'mangirira chinali tsamba lija basi, ndipo tsambalo linali ndi zala zanga.

Pa kawailesi nduna ya zachuma inkalumbira kuti popanda msonkhowu malire a dziko akhala ngati dengu lobooka. Wina anayankha kuti dengulo analiboola ndi omwe akupempha ulusi. Ndinakazimitsa. Inali foro koloko.

*

"Bwana wapolisi, tulutsani cholemberacho m'kamwa, chili ndi ntchito."

Ndinam'fotokozera zonse, kuyambira zala zanga mpaka Lolemba m'mawa. Mpongozi wanga ankamvera pabenchi paja, dzanja pakamwa. Wapolisi sanandikhulupirire msanga, ndipo sindimuimba mlandu. Anakapempha makope khumi ndi limodzi aja kwa a Sipikala, anawayala patebulo, n'kutsegula tsamba lachinayi lililonse. Ankaloza ndi chala, milomo ikuyenda. Msonkho. Msonkho. Msonkho. Mpaka lomaliza. Kenako anayang'ana pa foni yake nthawi yaitali.

"Ndiye pali kope lakhumi ndi chitatu."

"Lilipo. Ndinalipereka ine, kwa munthu amene wakuuzani kuti anali m'kati povota. Kafunseni Sajeni kuti povota m'kati mumatsala ndani."

Anapita yekha. Anabwerako akuyenda mofulumira, koma pakhomo anaima. "Mayi, mukudziwa kuti zimenezi zikugwerani nanunso?"

"Ndimadziwa kuwerenga."

"Komanso munthuyo ndi wa nduna. Khoswe wa pamkhate. Ndikalowa mu ofesi imeneyo n'kutuluka chimanjamanja, mawa ndikhala ndikulondera mlatho."

"Pageti akusecha kuyambira leveni. Lipoti la wapampando latengedwa thwelofu. Makina odulira mapepala m'nyumba muno ndi amodzi okha, ndipo makiyi ake ndi awa. Mukuganiza kuti walidya?"

Anatenga mnzake mmodzi. Ine sanandiitane, koma sanandiletse.

*

Kolala anatilandira ndi ulemu womwewo. Anatsegula yekha madirowa, anatsegula chikwama, anakhuthula ngakhale bini. Munalibe kanthu.

"Mwakhutira, bwana? Mayiwa ndi okalamba, tiwamvetse. Mpongozi wawo ali m'mavuto."

Ine ndinkayang'ana pamwamba pa kabati. Panali mabokosi anayi a zolankhula zakale za nduna. Ndimawadziwa, ambiri mwa mapepalawo ndinataipa ndine, ndipo palibe munthu padziko lino amene anabwererapo kukawerenga zomwe nduna inalankhula chaka chatha. Atatu anali ndi fumbi lochindikala. Lachinayi linali ndi zidindo za zala.

"Tsitsani ilo."

"Amenewo ndi mapepala a a nduna," anatero Kolala, mawu atakwera pang'ono. "Pafunika chilolezo."

"Chilolezo chili ndi a Sipikala, ndipo apereka kale m'mawa uno," anatero wapolisi, akukwera pampando.

Lipoti losowa lija linali pansi penipeni. Chikuto chofiira anachithothola, koma tsamba lachinayi linali ndi mizere yobiriwira pafupifupi pa chiganizo chilichonse, chifukwa kwa olemekezeka aja chilichonse n'chofunika kutsindika. Ndime yachitatu inkati msonkho. Pansi pake panali lina, loyera, lopanda mzere. Wapolisi analitsegula, anawerenga, n'kutulutsa kamphepo m'mphuno.

"Msonkhano wa ndege uja ndi uwu."

Kolala anakhala pampando. "Anthu anayenera kudziwa," anatero. "Makina aja sagwira ntchito. Akufuna kudyanso kachiwiri. Inuyo mayi munataipa, mukudziwa kuti ndi zoona."

"Ndi zoona. Mukanaimirira pageti n'kunena kuti ndine ndatulutsa, mwina ndikanakubweretserani chakudya kundende. Inu munaona chitseko chotsegula ndi ndowa, n'kusankha wokolopa."

Pambuyo pake zinamveka kuti kampani ina ya ndege inam'lonjeza ntchito msonkhowo ukakanika. Kaya n'zoona, akanene a khoti. Galimoto inafika faifi koloko monga ananenera, ndipo sinabwerere yopanda munthu.

*

Mlembi Wamkulu wa Nyumba anandiitana nthawi yomweyo. Ndi munthu wabwino, koma amazungulira. Anayamba ndi zaka zanga zautumiki, anadutsa pa chikhulupiriro chomwe Nyumba inali nacho pa ine, anafika pa chisoni chake.

"Bwana, mukundiimitsa?"

"Mpaka komiti ya mwambo ikhale. Za penshoni aona iwo. Sindingalonjeze kanthu, mayi. Lamulo ndi lamulo." Anayang'ana uku ndi uku. "Vuto ndi loti kalatayo iyenera kutuluka lero, ndipo mtsikana wanga waweruka."

"Sunthani."

Ndinaitaipa ndekha pa makina a mtsikana wakeyo, makope atatu. Iye ankanena, ine ndinkadula mawu osafunika. Anasaina, ndinasaina, makiyi ndinasiya patebulo. M'Nyumba anali akukanganabe. Ndinamva kuti aimitsa zonse mpaka sabata yamawa.

Mpongozi wanga ankandidikira kunja kwa geti, atavula yunifolomu, maso ofiira. Atandiona anafuna kugwada pamsewu pomwepo.

"Dzukani, mukudetsa chitenje."

"Amayi, akuti ntchito yanu... akuti mwina penshoni..."

"Akuti, akuti. Mapasa ali kwa ndani?"

"Kwa aneba. Ndinawalonjeza kuti ndifika hafu pasiti foro."

"Ndiye taimiranji pano? Mawa mulawirire, mukauze a mapaipi za mpopi uja, ndipo chitseko muzikhoma ngakhale mukukayetsemula pakhonde."

"Nanga inu, amayi?"

Basi inali ikubwera, yodzaza mpaka pakhomo. Ndinaimika ndi dzanja.

"Kuyambira mawa ana kusukulu ndiziwatenga ine. Nthawi ndili nayo."